Chikhothi cha a Jailosi

"Mwana ali kuti? Abale inu, mwana wanga ali kuti?"

Nyimbo inadukira panjira. Mayi wa mwanayo anali atagwada kale pamphasa, akupapasa ngati kuti mwana angalowe pansi pake. Anali atamugoneka pomwepo, kuseri kwa benchi, n'kumufunditsa chitenje, iye n'kupita kutsogolo kukaimba. Mavesi awiri okha basi. Pobwera wapeza chitenje chapindidwa bwinobwino ngati chochokera kosita, mwana palibe. Mwana wa miyezi isanu ndi iwiri, woti kukwawa sanayambe n'komwe.

"Bizwiki, usandiseweretse! Wamuika kuti?"

"Ine? Inetu ndinali nawe kutsogoloku, ukundilirira. Ndikanamunyamula ndi chiyani, ndi makutu?"

Anthu balala, wina pansi pa mabenchi, wina kuseri kwa chinsalu, wina panja kunjanji. Amene anamuona ndi mai Namagonya. Sanafuule ayi. Anangoloza ndi mlomo.

Uko pakona, pafupi ndi chitseko, panali bokosi lachitsulo losungiramo zovala za sewero. Mwana anali pamwamba pake, ali m'tulo tofa nato. Anali atakulungidwa m'chikhothi chachikulu chakuda, kolala itamufika m'makutu, mkono umodzi wa chikhothicho utapindidwa kawiri pansi pa mutu kuti chitsulo chisamupweteke. Amene anachita zimenezo anachita mosamala, ngati munthu woopa kudzutsa mwana amene sanamuzolowere.

Senderani kuno ndiyambire poyambira, koma chamunsimunsi, zimenezi sakamba mokweza.

Mayiyu dzina lake ndi Sigele, amake Lonjezo, uja amagulitsa tomato pamsika wa pa Khombwe. Sukulu analekezera sitandade faifi, koma mawu Mulungu anamupatsa. Pa Khombwe pali kagulu ka zisudzo, anthu khumi, ndipo wotsogolera ndi aphunzitsi a Muhiwa a kupulayimale. Chaka chimenecho aphunzitsiwo analemba sewero la nyimbo, la nthawi ya makedzana, pamene amuna ankakwera sitima kupita ku migodi ya ku Joni, akazi n'kutsala pasiteshoni ndi ana kumbuyo. Sigele anamusankha kukhala mkazi wodikira. Mwamuna wake wa m'sewero anali Bizwiki wa kabaza, chimunthu chachitali, chosatha kukhala chete. Pulakatisi ankachitira m'shedi yakale ya pasiteshoni, momwe kale ankasungamo katundu. Sitima siimanso pamenepo, imangodutsa kawiri pa sabata. Ankakumana msika ukatha, cha m'ma folo, n'kumaweruka kusanade.

Poyamba kumbuyo kwa Sigele ankabereka chidole cha nsanza. Koma Lonjezo analibe womusiyira, bambo ake amaweruka mochedwa ku fakitale ya tiyi, ndiye aphunzitsi anangoti, "Chotsani chidolecho. Mwana weniweni alipo, tivutikiranji? Anthu amalira akaona zenizeni."

Zenizenizo ndi zimene zinawapweteketsa.

M'gulumo munali a Nakoma, telala wa pakhonde pa sitolo ya mbewu, bambo wa zaka sikisite ndi kanthu, woimba banjo. Iwowa ndi amene anasoka madiresi onse a m'seweromo, osalipiritsa, akuyeza azimayi ndi chingwe uku akunyoza. "Mai Namagonya, m'chiunomu mandasi mumagulitsa aja mumangodya nokha eti?" Mai aja n'kumati, "Sokani apo, agogo inu, singano ingakubayeni lilime."

Bambo awo a Nakoma, a Jailosi, anakwera sitima pa siteshoni yomweyo a Nakoma ali kumsana kwa mai awo. Patatha zaka zitatu kunabwera bokosi lachitsulo lokha, ndi kalata yoti palibe anaimvetsa bwino. Achibale anati tilire maliro. Mkazi anakana. Akuti, "Munthu salira bokosi. Ndionetseni mtembo." Sanamete, sanavale zakuda, sanakwatiwenso. Bokosi analowetsa pansi pa bedi lili chikhomere, kiyi n'kumanga pakona pa mpango. Mai aja anamwalira chaka chatha ali okalamba zedi, ndiye kiyi inagwera m'manja mwa a Nakoma.

Tsiku lina anabwera nalo bokosilo ku shedi pa njinga ya Bizwiki. Munali chikhothi chija, chipewa, bulangete lofiira, malamba. Zinthu zakale koma ngati zadzulo, njenjete osakhudzako. Aphunzitsi anachita kuvina.

Kenako a Nakoma anafunsa, akuyang'ana pansi, "Aphunzitsi, m'sewero mwanumu mwamunayu amabwerako?"

"Amabwerako, kumapeto."

"Dzina lake mwati ndani?"

"Tomasi."

"Mungamusinthe? Akhale Jailosi. Abwereko kamodzi bambo angawo, ngakhale zongoyerekeza. Ndione nawo mmene zikanakhalira."

Ndani akanakana? Mai Namagonya okha ndi amene anagwedeza mutu. "Ine nditi ndinene. Munthu woti sanaliridwe, dzina lake saitana dzuwa likamalowa. Sadziwa kuti anapita. Amangoti mwina andiiwala, ndiye akamva akumutchula..."

"Mai, ili ndi sewero," anatero aphunzitsi akuseka. "Kutchalitchi timatchula Lazaro chaka ndi chaka, anabwerapo?"

Ndiye kuyambira tsiku limenelo, madzulo alionse, Sigele ankaima pa mabenchi awiri amene anali ngati pokwerera sitima, mwana kumbuyo, dzanja pamphumi, n'kuitana katatu chakunjanji: "A Jailosi! A Jailosi inu! Bwerani mudzaone mwana wanu!" Kenako kwaya n'kulandira nyimbo, Bizwiki n'kulowa pakhomo atavala chikhothi.

Choyamba chinali besi. Gulu lija linalibe besi weniweni, Bizwiki amangobangula. Koma sabata yachiwiri nyimbo yomaliza inayamba kukoma modabwitsa. Pansi pa mawu onse pankamveka liwu lina lokhuthala, lofatsa, lotsalira pang'ono ngati munthu amene akuphunzira nyimbo pomvera anzake. Aphunzitsi anati, "Bizwiki, wayamba kumva tsopano." Bizwiki anavomera ulemuwo, koma potuluka anamunong'oneza Sigele, "Mlamu, vesi yachitatu ija ine sindiimba. Mawu ake sindinaloweze."

Chachiwiri chinali fungo. Fodya wa m'kaliwo, ndi sopo uja wofiira wa kale. Linkabwera nyimbo ikayamba, likatha n'kuchoka. M'gulumo palibe wosuta.

Kenako chipewa chinayamba kusowa. Achisiya m'bokosi, mawa achipeza pa msomali wa pachitseko, pomwe munthu wofika kwawo angachikoloweke.

Ndiye linafika tsiku lija mwana anapezeka pabokosi. Linali Lachiwiri, sewero lili Loweruka.

Sigele atafika kunyumba anamuvula mwana, kumuyang'ana paliponse, m'khwapa, m'zala, kumsana. Palibe chilichonse. Mwana akungoseka, thupi lonse likununkhira sopo wofiira uja. Bambo ake a Lonjezo atamva anati, "Basi, usapitekonso. Za masewero zomwezi mwana atipwetekere?" Sigele anavomera. Koma m'mawa, akuyala tomato, anaona a Nakoma akubwera ndi pepala m'khwapa. Linali diresi lake la m'sewero, la maluwa ang'onoang'ono, lamanja otukumuka.

"Ndaika thumba m'mbalimu," anatero, "loti muzibisamo kansalu kopukutira mwana. Mai anga diresi lawo linali ndi thumba ngati limeneli." Anasuzumira kumsana kwa Sigele. "Mwanayu ali bwino?"

"Ali bwino, bambo."

"Ndamva kuti simubweranso. Sindikukakamizani, mwana ndi wanu. Kungoti mukamaimba muja... ayi, basi." Anatembenuka n'kumapita, akukoka mwendo wawo wopalasira makina uja.

Sigele analiyang'ana diresi lija. Chibadwire palibe anamusokerapo chovala chomuyeza iye mwini. Ndipo chibadwire palibe malo ena amene anthu ankakhala chete iye akatsegula pakamwa. Anaganiza kuti apitabe, koma mwana sadzamutsitsanso kumsana, ngakhale mphindi imodzi. Anamanga zitenje ziwiri, mfundo ziwiriziwiri.

Lachinayi mai Namagonya anafika mochedwa, beseni la mandasi lili m'manja osati pamutu. Anamukokera Sigele pambali.

"Ndakumana ndi munthu panjira ya m'mbali mwa njanji. Wandipatsa moni wa ulemu, wa kale uja, wochita kuima n'kuvula chipewa. Akuti, mai, kwa a Nakoma ndi kuti, njira zasintha, pamene panali mkuyu pali nyumba."

"Ndiye munamuuza?"

"Ndimati ndiloze. Koma mkuyu umenewo anadula ine ndili mtsikana. Ndinangoti sindine wa kuno. Akuti, pepani, ndiye ndingotsata kumene akundiitanako."

"Nkhope yake?"

"Dzuwa linali kumbuyo kwake. Ndipo sindinafune kuiona, usandifunsenso."

Anakawauza aphunzitsi. Aphunzitsi anakanda m'mutu, anati mwina ndi mlendo wa ku Mozambiki, amadutsa ambiri. Anati kwangotsala mawa lokha, pulakatisi yomaliza, ya zovala zonse, ndipo adzaweruka dzuwa lili pamwamba.

Koma mukudziwa za tsiku lomaliza. Wina waiwala mawu, wina diresi lang'ambika, aphunzitsi akuti tibwereze, tibwerezenso. Pamene ankafika pa gawo lomaliza, kunja kunali kutachita kamdima kaja koti munthu umamuona koma osamuzindikira. M'shedimo mulibe magetsi. Anayatsa nyali imodzi ya sola n'kuipachika pa mtanda wa denga. Chitseko chake ndi chachitsulo, chokoka cham'mbali, ndipo anachisiya chotsegula pang'ono, mpata wongokwana munthu mmodzi, kuti Bizwiki adzalowerepo.

"Bizwiki, tuluka ukadikire panja," anatero aphunzitsi.

Bizwiki anayankha ali kuseri kwa chinsalu. "Chikhothi sindikuchiona. Ndinachipachika pano pompano."

"Funa msanga. Amake Lonjezo, yambani, atipeza."

Sigele anakwera pa mabenchi. Mumtima anati ndingothana nazo tizipita. Anaika dzanja pamphumi.

"A Jailosi!"

Zii. Achule okha kudambo.

"A Jailosi inu!"

Achule aja anasiya, onse nthawi imodzi. Njanji inayamba kulira pang'onopang'ono, kaphokoso kaja kamamveka sitima ikadali kutali. Koma Lachisanu sitima sidutsa.

"Usamalize," ananong'ona mai Namagonya.

Koma mawu anali atazolowera njira yawo, anangotuluka okha. "Bwerani mudzaone mwana wanu."

Panja pa miyala ya njanji panamveka mapazi. Khwa. Khwa. Khwa. Nsapato zolemera, munthu wosafulumira, wotopa ndi ulendo. Anafika pakhomo n'kuima. Fungo la fodya lija linadzaza shedi yonse.

"Odi."

Bizwiki anasuzumira kuchokera kuseri kwa chinsalu, ali ndi vesiti yokha, maso ali tong'o. Aliyense anamuyang'ana iye, kenako n'kuyang'ana kuchitseko.

"Wina asayankhe," anatero mai Namagonya, mano ali chilumire. "Ndati wina asayankhe."

Kuwala kwa nyali kunkalekezera pakhomo penipeni. Pampata paja pankaoneka m'munsi mwa chikhothi, ndi batani limodzi. Kumtunda kwake mdima wokhawokha.

Ndiye Lonjezo anaseka. Kuseka kuja mwana amaseka munthu akamamusewera ndi nkhope. Anatambasula timanja chakuchitseko. Sigele anamva kumsana kwake kukupepuka, pang'onopang'ono, ngati mmene zimakhalira mnzako akamakulandira mwana, atamugwira m'khwapa kudikira kuti umasule. Mfundo yoyamba ya chitenje inayamba kutsetsereka yokha pachifuwa pake.

Anaigwira ndi dzanja limodzi. Dzanja linalo anapititsa kumbuyo kuti agwire timiyendo ta mwana. Anakhudza chinthu cholimba, chozizira. Mwana anabwera wopanda nsapato, chibadwire sanavalepo. Koma apa anali atavala tinsapato tachikopa, tofiirira, ta zingwe, tomangidwa bwinobwino.

"Mayo," anatero Sigele. "Bambo Nakoma, mwana wanga. Chonde, mwana wanga."

Liwu lija linabweranso, lofatsa, lamanyazi, ngati la munthu amene akudziwa kuti wachedwa.

"Wakula eti? Ndimunyamuleko."

Banjo inagwa pansi. A Nakoma anali ataimirira, akuyang'ana mapazi a mwana. "Tinsapato ito," anatero, "tinali pansi penipeni pa bokosi, m'pepala. Sindinaonetse munthu. Ndinatisiya kunyumba, m'dilowa ya makina."

Anayenda kupita kuchitseko. Aphunzitsi anati awagwire malaya, iwo anangochotsa dzanjalo. Atafika pomwe kuwala kumathera anagwada, mawondo akulira ngati nkhuni zouma, n'kuwomba m'manja katatu, mofatsa, mmene mwana amalonjerera kholo lochokera kutali.

"Bambo."

Kupepuka kuja kumsana kwa Sigele kunaima.

"Bambo, mwasokoneza. Uyo si wanu, ngwa eni ake, bambo ake ali ku fakitale. Ndipo awo si mai, ndi mwana wa a Mulima wogulitsa tomato, tangomuveka diresi. Ndife tinalakwa, tinakuitanani mosewera." Anadziloza pachifuwa. "Wanu ndi ine. Ndine Wiladi. Munandisiya ndisanamere mano. Taonani, panopa akuthanso." Anavula kapusi yawo, n'kuweramitsa mutu m'kuwala, dazi ndi imvi zochepa za m'mbali. "Ndinakula, bambo. Ndine telala. Ndili ndi ana anayi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi. Wachiwiri ndinamutcha dzina lanu, ali ku Limbe, amakonza mafiriji."

Pakhomo paja chikhothi chija chinasuntha pang'ono, ngati munthu akuwerama.

"Amake Lonjezo," anatero a Nakoma osatembenuka, "muvuleni mundipatse. Ndi zanga."

Sigele sadziwa mmene anatsikira pa mabenchi paja. Mai Namagonya ndi amene anamuthandiza kumasula zingwe. Mwana anayamba kulira, kukana kuvulidwa. Sigele anayenda chokwawa, mwana atamupanikiza ndi chigongono, n'kuika tinsapato m'dzanja la a Nakoma. Tonse tiwiri tinakwana m'chikhatho chimodzi.

"Ndalandira, bambo. Zikomo. Zangochedwa pang'ono, koma ndalandira." Anaseka, kuseka kosakanikirana ndi zina. "Mai anadikira. Asakunamizeni munthu, anadikira mpaka mapeto, bokosi lanu sanalitsegule. Anapita chaka chatha mwezi wa Juni. Ali kumtunda uko, kumanda a pa Thundu. Musadzerenso njira ya kumkuyu, inatsekedwa. Mudzere pa mjigo, mukhotere kumanja, mukaona mtanda wopaka buluu. Pambali pake pali malo. Anachita kunena okha kuti pasagone munthu wina."

Sigele anali pafupi, ndiye anaona. Imvi zija za m'mbali mwa mutu wa a Nakoma zinagona pansi, mbali imodzi kenako inayo, ngati dzanja lalikulu likuwasisita. A Nakoma anatseka maso. Mapewa awo anayamba kugwedezeka.

Zinatenga nthawi yaitali bwanji, palibe akudziwa. Kenako, khwa. Khwa. Khwa. Mapazi aja sanalowere kunjanji kumene anachokera. Analowera chakumjigo. Anamveka mpaka pa mlatho wa matabwa, kenako achule anayambiranso.

Kumsana kwa Sigele kulemera konse kwa mwana kunabwerera nthawi imodzi, mpaka anadzandira. Sanakondwerepo ndi kulemera ngati tsiku limenelo.

"Tsekani!" anakuwa mai Namagonya. "Mukudikira chiyani, wachiwiri?"

Bizwiki ndi aphunzitsi anakoka chitseko mpaka chinagunda, n'kulowetsa mpiringidzo, n'kutsamiritsapo benchi, kenako benchi ina. Aphunzitsi anatulutsa foni kuimbira bambo ake a Lonjezo kuti abwere ndi anzawo ndi matochi. Anati wina asatuluke mpaka amve mawu a munthu amene akumudziwa.

"Nanga mawa ine ndivala chiyani?" anafunsa Bizwiki, mawu ali ang'ono ngati a mwana wa sukulu.

"Mawa kulibe sewero," anatero a Nakoma, atakhala pansi chotsamira khoma, tinsapato tili pachifuwa. "Mawa tili ndi maliro kwathu. Mubwere nonse. Nyimbo mukuzidziwa kale."

Aphunzitsi anati, "Tibwera, bambo. Dzina lija tibwezeretsa Tomasi."

"Amake Lonjezo, tawerenga anthu," anatero mai Namagonya. "Ine maso anga sakuona bwino. Uchite kugwira mutu uliwonse, usangoloza."

Sigele anamusunthira mwana kutsogolo, n'kumupatsa bere kuti atonthole. Kenako anazungulira pansi pa nyali ija, akugwira mitu. Aphunzitsi. Bizwiki, thukuta lokhalokha. Mai Namagonya. Atsikana atatu a kwaya atakumbatirana pamphasa. Anyamata awiri a ng'oma. Anadzigwira yekha pachifuwa. Anagwira kamutu ka Lonjezo, kofunda, kakuyamwa. Pomaliza anafika pakhoma pomwe panali a Nakoma. Anali akulira tsopano, kulira kwenikweni, kwa mamina, kosabisa nkhope. Anawagwira padazi. Panali pozizira ngati mwala wa kumtsinje, ndiye dzanja lake analisiya pomwepo kufikira patayamba kufunda.

"Tilipo angati?" anafunsa mai Namagonya.

"Tonse tilipo. Akulu naini, ana awiri."

"Awiri? Mwanatu ndi mmodzi, mlamu," anatero Bizwiki, akuyang'ana m'makona mwamantha.

"Ndati awiri," anatero Sigele, maso ali pa a Nakoma. "Khala chete, ungawadzidzimutse."